Ulendo wokaona tchalitchi cha PIM ku Mbombwe: galimoto yabwino, mbiri yoduka mchira

Pali kakampani kena mu Blantyre kamene kamanyamula anthu Loweruka kupita nawo ku Providence Industrial Mission, ku Chiradzulu. Pa za mayendedwe ndilibe nako chifukwa. Minibasi inali yoyera, sanatipanikize anayianayi, tinanyamuka ku Limbe pa nthawi yake n'kudzera msewu wa Midima mpaka kukhotera cha ku Nguludi. Mtengo wake si wowawa, ndipo madzi akumwa ndi mandasi zinali momwemo.

Pomwe ndinakhumudwa m'pamene mnyamata wotiperekeza anayamba kufotokoza. Titangotsika analoza tchalitchi chachikulu chija n'kunena kuti, "Ichi ndi chimene anamanga John Chilembwe." Ayi ndithu. Cha Chilembwe chinatsegulidwa mu 1913, patapita zaka zoposa khumi chibwerereni iye ku Lynchburg, Virginia, komwe anaphunzira zaubusa. Sichinakhalitse. Kuukira kuja kutachitika pa 23 January 1915, William Jervis Livingstone ataphedwa ku Magomero, asilikali a boma la atsamunda anabwera n'kuchiphulitsa ndi mabomba. Mwini wake anaomberedwa pa 3 February akuthawira cha ku malire a Mozambique. Misheni inatsekedwa, akhristu ake ena ananyongedwa, ena anamangidwa.

Chimene chilipo lero ndi thukuta la Dr Daniel Sharpe Malekebu, ndipo dzinali mnyamatayo sanalitchule n'kamodzi komwe.

Mwayi wathu unali wakuti pakhonde panakhala bambo wina wachikulire wa mumpingomo, atavala jekete lakuda lofumbutuka m'mapewa. Nditawapatsa moni n'kuwafunsa, anangoti, "Bwerani kuno, mwana wanga," n'kutitsogolera kumene kuli zotsalira za tchalitchi chakale. Ndi zibuma za njerwa zomatana ndi dothi lake, zina zagwa chagada, udzu ukumera m'ming'alu. Anatiuza kuti tigwire. Njerwazo n'zolimba mpaka lero, zoumbidwa ndi kuotchedwa ndi anthu a pomwepo.

Kenako anatifotokozera za Malekebu mosathamanga. Ali mnyamata analondola Emma DeLaney, mmishonale wachikuda wa ku America amene anagwirapo ntchito pa misheniyi, nakaphunzira udokotala ku Meharry, mumzinda wa Nashville. Boma linamuvuta kwambiri asanaloledwe kukhazikika kwawo, moti anatsegulanso PIM mu 1926 pamodzi ndi mkazi wake Flora. Tangoganizani kusonkhanitsa anthu amene abale awo ananyongedwa chifukwa cha malo omwewo, n'kuwauza kuti tiyeni tiumbenso njerwa, uku maso a bwanamkubwa ali pa inu. Ndiye tchalitchi cha New Jerusalem chimene timajambulitsapochi. Kwa ine nkhani imeneyi ndi yokoma mofanana ndi ya mfuti ija, koma pa 15 January andale akabwera kudzaika nkhata simuimva kawirikawiri.

M'kati munali kozizira bwino ngakhale kunja dzuwa linali likuswa mtengo. Amayi ena anali kusesa kukonzekera za mawa lake, kwaya ikuyeserera kutsogolo. Apa ndiyamikepo mnyamata uja: anatikumbutsa kuti ino ndi nyumba yopemphereramo, tivule zipewa, ndipo tisajambule munthu tisanapemphe.

Nthawi anatipatsa yochepa. Dalaivala anayamba kuimba hutala bambo aja ali pakati pa nkhani, kuthamangira nkhomaliro ya ku Limbe yomwe inali nsima ya chambiko yozizira kale. Bola akanatisiya ola lina, tidye zathu zonyamula pansi pa mtengo.

Ngati mulibe galimoto, kwerani nawo, simudandaula. Koma mukafika funsani mkulu wa mpingo aliyense amene ali pafupi, ndipo musaiwale kakhobidi ka m'mbale ya chopereka, poti kusamala nyumba yaikulu chotere ndi ndalama. Ana asukulu atengeni, aone komwe munthu wa pa K2000 uja ankalalikira. Nsapato valani zotseka, ku zibuma kuja kuli chisoso.