Motorhome m'nyengo yozizira: kuisiya pamagetsi, kuizula, sola kapena lithium?

Ikangokwana Okutobala foni yanga siipuma. "Achimwene, motorhome ija ndiisiye pamagetsi mpaka Malichi, kapena ndizule?" Motorhome ndi galimoto yokhala ndi kanyumba kogonamo paulendo, ndipo ambiri timaiimika nyengo yozizira yonse. Sabata yathayi andifunsa anthu atatu, awiri a kutchalitchi kwathu kuno ku Leeds, wina mlamu wanga wa ku Nottingham yemwe wangogula yake. Ndiye ndati ndilembe kamodzi zomwe ndayesa ndi zomwe zinandipweteka.

Ndiyambe ndi njira yomwe ambiri timaiona ngati yosavuta, yolumikiza chingwe cha olenji chobweretsa magetsi m'galimoto pasoketi ya m'galaja n'kuiwalako. Bambo amene anandigulitsa galimoto yathu, ya 2005, anandiuza zomwezo pondipatsa makiyi, kuti bola ili pamagetsi, batire silingavute. Ndinawamvera. Kuyambira Novembala mpaka kumapeto kwa Malichi kanyali kobiriwira kosonyeza kuti batire likutchajidwa kankayaka usana ndi usiku, ine ndikadutsa mtima m'malo, kumati chuma chathu chikusamalika.

Tsiku lomwe tinakonza zopita ku Whitby, ana atanyamula kale zikwama zawo, mayi awo atakazinga nkhuku yapaulendo, ndinatsegula chitseko ndipo chinandilonjera ndi fungo la dzira lowola. Nditatukula mpando womwe pansi pake pamakhala batire la m'nyumba, lija loyatsa nyali ndi pampu ya madzi, ndinalipeza lotentha moti dzanja silikanakhalitsapo, m'mbali mwake mutafufuma ngati buledi. Nditatsegula tizivindikiro, m'mabowo awiri munalibe ndi dontho lomwe la madzi, zitsulo zam'kati zili poyera, zatuwa. Ndinati basi, tipitabe, tikagula lina panjira. Kupotokola kiyi, injini inangoti kete kete, kenako zii. Batire loliza injini nalonso linali litafa. Mabatire awiri m'mawa umodzi, ndipo nkhuku ija tinadyera pakhomo.

Makaniko wina ndiye anandimasulira. Tchaja yomwe inabwera ndi galimotoyo ndi yamakedzana, imangothira ma 13.8V osaleka, ilibe nzeru yodziwa kuti batire lakhuta. Kwa masiku awiri kapena atatu pamalo ogonera alendo zimenezo zilibe vuto. Koma kwa miyezi isanu, batire la madzi limawira pang'onopang'ono, madzi n'kumathawa ngati mpweya, ndipo mpweyawo ndi wa hydrogen womwe umayaka ukakumana ndi kamoto kakang'ono. Ana anga akanagona pamwamba pa chinthu chimenecho. Chachiwiri, chomwe chimandiwawa mpaka lero, n'chakuti tchajayo inkadyetsa batire la m'nyumba lokha. La injini silinkalandira kanthu, chonsecho alamu ndi tracker, kachipangizo kolondolera galimoto ikabedwa, yomwe a inshuwalansi anandilamula kuika zinkaliyamwa tsiku ndi tsiku. Mbali yanga ndikuivomera, sindinasuzumiremo n'kamodzi komwe kuti ndione madzi. Kwathu ku Malawi aliyense wokhala ndi batire la sola amadziwa kuti madzi a batire amawonjezeredwa, ine ndinaiwala chifukwa chokhulupirira kanyali kobiriwira.

Choncho wina akandifunsa ngati aisiye pamagetsi, ndimamufunsa kaye kuti kuseri kwa pulagiyo kuli tchaja yotani, ndipo ikudyetsa mabatire angati. Magalimoto ambiri atsopano amabwera ndi tchaja yabwino yosamala onse awiri. Akalewa, omwe ambirife timakwanitsa kugula, ndiye muyenera kuwayeza nokha. Kamita kotchipa koyezera magetsi n'kokwanira: mutalumikiza chingwe, kagunditseni pa batire la injini, ndipo ngati nambala siikukwera kupitirira 13V, dziwani kuti batirelo lili pa njala.

Chaka chotsatira ndinapsa mtima n'kuzuliratu. Izinso si nzeru mukangozisiya choncho. Batire la mtovu lodzadza limaonetsa pafupifupi 12.7V likapuma, likafika pa 12.2V ndiye kuti latsala theka, ndipo likakhalitsa pansi pa pamenepo zitsulo zake zimachita nkhungu youma yomwe amati sulphation, mphamvu yomwe yatayika siibwereranso yonse. Njirayi imatheka ngati muchotsa mabatire, kuwaika m'galaja pouma, n'kumawatchaja kamodzi pamwezi. Koma batire la 100Ah limalemera makilogalamu oposa 20, ndipo kulitulutsa pansi pa mpando mutagwada si ntchito ya msana wa zaka zanga. Komanso mukachotsa la injini, alamu yafa, ndipo galimoto ikabedwa a inshuwalansi adzakufunsani mafunso ovuta. Ena amangolumikiza tsiku limodzi pa masabata awiri aliwonse, zomwe n'zabwino kwa munthu wosaiwala.

Sola ndidutsapo msanga. Kuyambira Epulo mpaka Seputembala ndi mnzanu weniweni. Mu Disembala kuno kumpoto kwa England tsiku silikwana maola 8, dzuwa limangokwawa m'munsi ngati likuchita manyazi, pamwamba pa galimoto pali masamba onyowa ndi chisanu. Musayembekezere dzuwa la ku Salima. Ngati mumasunga galimoto kumalo olipira kopanda magetsi, ikani ndithu, koma gulani kachipangizo kogawa mphamvu ku mabatire onse awiri, ndipo muzipitako kukapukuta.

Tsopano lithium, yomwe mlamu wanga akuiimba ngati nyimbo. Ubwino wake sindikuukana. Batire la lithium, lomwe amalilemba kuti LiFePO4, limalemera pafupifupi theka la lamtovu, ndipo zimenezo n'zofunika chifukwa amene tinapeza laisensi kuyambira 1 Januwale 1997 timaloledwa kuyendetsa galimoto yosapitirira makilogalamu 3,500 pa laisensi wamba. Mukhozanso kugwiritsa ntchito pafupifupi mphamvu yake yonse, pomwe lamtovu limafuna musapyole theka. Kwa anthu okonda kugona kutali ndi soketi, kumapiri a ku Scotland masiku anayi asanu, ndi chinthu chamtengo wapatali.

Koma wogulitsa amene ndinacheza naye anangonditchulira mtengo wa batire lokha, ngati kuti ndingochotsa lakale n'kukhazikapo latsopano. Nditapita kwa woika, mndandanda unayamba kutalika. Tchaja yakale iyenera kuchoka chifukwa siidziwa katchajidwe ka lithium. Pakati pa injini ndi batire pafunika tchaja ina ya DC-DC, apo ayi lithium imakoka mphamvu zambiri mpaka kutenthetsa alternator, makina otchaja batire injini ikamalira, ndi mawaya. Mawayawo ena ayenera kukhala okulirapo, mafyuzi atsopano, kachipangizo ka sola nako kasinthidwe, kuphatikizapo malipiro a mmisiri. Zonse pamodzi zinaposa mtengo wa batire lomwe ndinapitira. Ndinatuluka m'sitolomo ndili duu.

Ndipo pa nkhani yathu ino ya kuimika galimoto miyezi yozizira, lithium ili ndi khalidwe losemphana ndi zomwe tinazolowera. Siikonda kukhala yodzadza mpaka pakamwa miyezi yambiri, imasungika bwino ili cha pakati. Siiyenera kutchajidwa kukazizira kutsika pa 0°C, imawonongeka m'kati, ndipo usiku wa Januwale kuno kuzizira koteroko si nkhani yachilendo. Mabatire abwino ali ndi ubongo wake, BMS, womwe umakana kutchaja kukazizira, ena ali ndi chotenthetsera. Otchipa ena alibe chitetezo chimenecho, choncho werengani pepala lake musanalipire. Ndipo dziwani kuti ngakhale mutawononga ndalama zonsezo, batire la injini likadali la mtovu, likufunabe chakudya chake.

Ine ndinakhazikika pa tchaja yanzeru ndi batire la AGM, lamtovu lomwe silifuna kuthira madzi. Tchaja yamtunduwu imayamba mwamphamvu mpaka cha pa 14.4V, batire likakhuta imatsika yokha n'kumangolinyambititsa. Ndagwiritsapo ntchito ziwiri. CTEK MXS 5.0 ya ku Sweden ndi yaing'ono, ya 5A, mumangopanitsa n'kuiwala, ndipo ndi yomwe ili pa batire la injini. Ku batire la m'nyumba ndinaika Victron Blue Smart ya ku Netherlands, ndipo ndinene poyera kuti imeneyi ndimaikondera. Ikaona kuti batire silikugwira ntchito imatsikira pa 13.2V, n'kumalidzutsa kamodzi pasabata, ndipo zonsezi ndimaziona pafoni kudzera pa Bluetooth nditaima pawindo la kukhitchini, osatuluka m'chisanu. Munthu yemwe ananamizidwapo ndi kanyali kobiriwira amafuna kuona manambala ndi maso ake.

Tinthu tiwiri tomwe musatinyozere. Chingwe cha mamita 25 chija muzichitambasula chonse, chifukwa chikakhala chokulunga pamene mwayatsa chotenthetsera chimatentha mpaka kusungunuka. Ndipo amene mumasunga galimoto kumalo olipira, funsani musanasaine ngati magetsi ali m'kati mwa mtengo. Mnzanga wina anazindikira atalandira bilu kuti soketi ili ndi mita yakeyake.

Mlamu, yanu ndi ya 2008. Musanagule chilichonse bwerani nayo Loweruka, kamita ndili nako, tiyambe tayeza batire la injini chingwe chili cholumikiza. Tikapeza kuti likulandira, mwapulumutsa ndalama. Tikapeza kuti ayi, CTEK yanga ndikubwerekani mpaka yanu ifike.