Tanto yozokota: dzanja la wosula, dzanja la mmisiri wina, kapena zozokota pambuyo?

Tanto ziwiri, mipeni yaifupi ya ku Japan, zikhoza kufanana utali, zonse zosulidwa ku Japan m'zaka za m'ma 1900, zonse zili ndi chinjoka chozokota chitakulunga lupanga, koma mitengo yake n'kusiyana kutalitali. Chosiyanitsa si kukongola kwa chinjokacho pachithunzi cha wogulitsa. Nkhani yagona pa amene adagwira tchizulo, ndi nthawi imene adaigwira. Pali tanto imene wosula adazokota yekha, pali imene adaipereka kwa katswiri wozokota isanapukutidwe komaliza, ndiye pali imene idazokotedwa patapita zaka, mwina wosulayo atamwalira kale. Wogulitsa zonsezi amangoti horimono, kutanthauza zozokota pa mpeni, ndipo sanama. Kusiyanitsako ndi ntchito yanu ogula.

Tikunena za mpeni wosapitirira shaku imodzi, masentimita 30.3, wosulidwa mwachikale kuyambira mu 1876 pamene boma la Japan lidaletsa kuyenda ndi malupanga. Osonkhanitsa amati gendaito, ndipo zimene zasulidwa chiloledwerenso ntchitoyi mu 1953, italetsedwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, amazitcha shinsakuto.

Yambani ndi chitsulo chenichenicho. Wosula akamaliza kuumba mpeni amaupaka dongo, lochindikala chakumsana, lopyapyala chakukamwa, kenako amautentha n'kuuviika m'madzi. Mbali yakukamwa imalimba gwa, n'kusiya mzere woyererako wotchedwa hamon. M'menemo tchizulo siluma, ndipo mukaumiriza chimodzi chibenthuka, kaya tchizuloyo kaya mpeniwo. Choncho wozokota malo ake ndi apakati pa hamon ndi msana basi. Tanto ya nkhope yafulati, imene amati hira-zukuri, mulifupi mwake mumakhala masentimita awiri kapena atatu, kuchindikala kwake mamilimita 6 kapena 7, ndiye hamon ikangokwera pang'ono malo ozokotapo atha. Chithunzi amayamba kuchijambula ndi inki, n'kumatema pang'onopang'ono ndi timatchizulo tambirimbiri ndi kanyundo, kenako amasalaza m'kati ndi timiyala n'kuwalitsa ndi kandodo ka chitsulo cholimba. Chinjoka chathunthu chimadya masabata, nthawi zina miyezi.

Apa ndi pamene tanto yozokota mwini wake imapambanira. Pa nakago, mchira wa chitsulo umene umalowa m'chigwiriro, pafupi ndi dzina la wosula pamatemedwa mawu akuti hori dosaku, kusonyeza kuti wozokota ndi yemweyo. Munthu wotere amadziwa chimene adzazokote asanakoleze n'komwe makala. Hamon amaitsitsa, kawirikawiri yowongoka ya suguha. Mpeni amausiya wochindikalako. Ngati waika chitsulo chofewa m'kati, amaonetsetsa kuti chakunja n'chokwanira kuti tchizulo isakatulukire m'chofewacho. Zotsatira zake mumaziona mpeni uli m'manja: chozokota chimakhala pakati penipeni, chimachepa pamene mpeni ukuchepa chakunsonga, ndipo palibe chikhadabo cha chinjoka chimene chakhudza hamon.

Banja la Gassan ndilo muyeso wa njira imeneyi. Gassan Sadakazu, wa ku Osaka, adabadwa mu 1836 n'kumwalira mu 1918, ndipo mu 1906 adasankhidwa kukhala mmisiri wa nyumba yachifumu. Mwana wake Sadakatsu adapitiriza mpaka 1943, mdzukulu wake Sadaichi adapatsidwa ulemu wa Ningen Kokuho, umene boma la Japan limapereka kwa akatswiri a luso lachikale, mu 1971, ndipo Sadatoshi, mwana wa Sadaichi, chipala chake chili ku Sakurai m'chigawo cha Nara. Onsewa kusula ndi kuzokota ndi ntchito imodzi. Chizindikiro chawo china ndi ayasugi, mizere ya chitsulo yoyenda mafundemafunde mofanana kuyambira patsinde mpaka kunsonga. Takahashi Sadatsugu wa ku Ehime, wosula woyamba kulandira ulemu wa Ningen Kokuho mu 1955, adaphunzira kwa a Gassan omwewo, ndipo tchizulo yake imatamandidwa mofanana ndi nyundo yake. Ku Tokyo kudali Kasama Shigetsugu, amene zozokota zake osonkhanitsa amazifunafuna mpaka lero.

Vuto lake ndi lachidziwikire: dzina likakula, mtengo umakwera ndipo akuba amabwera. Mayina abodza a Gassan ndi ambiri, ndipo mawu a hori dosaku munthu angateme pa nakago iliyonse. Dziwaninso kuti ntchito zambiri zakumapeto kwa moyo wa Sadakazu adazigwira ndi Sadakatsu m'dzina la bambo ake. Zimenezo si chinyengo, ndi mwambo wodziwika wa m'chipala, koma wogula ayenera kudziwa chimene akulipirira. Komanso si wosula aliyense wogwira tchizulo amene ali katswiri wake. Alipo osula abwino kwambiri amene zinjoka zawo ndi zouma thupi, mamba osafanana, nkhope yopanda ukali. Mawu a pa nakago amakuuzani dzanja, sakuuzani luso.

Njira yachiwiri, yopereka mpeni kwa katswiri wozokota, ambiri ongoyamba kumene amaiderera, pomwe sikuyenera kutero. Ku Japan lupanga silituluka m'manja mwa munthu mmodzi. Pali wosula, wopukuta, wopanga habaki, kakolala ka chitsulo kokhala patsinde pa mpeni, ndi wosema chimake. Wozokota wapadera ndi mmodzi mwa amisiri amenewa, ndipo chaka chonse sagwira china koma tchizulo. Kokeguchi Senshu ndi wophunzira wake Yanagimura Senju wa ku Okayama ndi mayina amene mukawaona pa nakago pambali pa dzina la wosula muyenera kuima kaye. Pa ntchito yovuta, monga chinjoka chotukuka m'kati mwa kabokosi kogoba, mmisiri wapadera nthawi zambiri amaposa wosula wozokota mwa apo ndi apo. Ubwino wina ndi wakuti mumasankha kawiri: wosula chifukwa cha chitsulo ndi hamon yake, wozokota chifukwa cha dzanja lake.

Ngati mukuitanitsa tanto yatsopano mwa njira imeneyi, nenani za horimono pa tsiku loyamba, wosula asanayambe. Muuzeni chithunzi chake, mbali imene chidzakhale, ndi dzina la wozokota, kuti awiriwo agwirizane za kuchindikala ndi msinkhu wa hamon. Gwirizananinso za chinthu chimene ambiri amachiiwala. Chitsulo cha tamahagane, chochokera ku mchenga wachitsulo ndi makala ku ng'anjo ya Nittoho Tatara ku Okuizumo m'chigawo cha Shimane, imene idatsegulidwanso mu 1977, chimapindidwa kambirimbiri posula, ndipo penapake pakhoza kutsala kampata kosagwirana pansi pa khungu. Wosula sakaona, wopukuta sakaona, koma tchizulo ikafika pamenepo kamatseguka pakati pa thupi la chinjoka. Ndani alipire zikatero? Lembani yankho lake ndalama zisanatuluke. Za nthawi, musapupulume. Lamulo limalola wosula kupanga malupanga aatali awiri kapena aafupi atatu pamwezi, ndipo mmisiri aliyense wotsatira ali ndi mzere wake wa odikira. Chaka chimodzi ndi chochepa. Pemphaninso kuti dzina la wozokota litemedwe pa nakago, chifukwa kalata imatayika koma chitsulo chimayenda ndi mpeni kulikonse.

Yachitatu ndi ato-bori, zozokota pambuyo, ndipo pamenepa ndalama za anthu zapsa zambiri. Zifukwa zozokotera mpeni wakale zilipo ziwiri zazikulu: kubisa chilema, ndi kukweza mtengo wa mpeni wamba. Pakakhala thuza kapena mng'alu pachitsulo, wina amagoba pamenepo n'kuikapo kachilembo kapena kangalande, chilema chija n'kupita ndi zinyenyeswazi. Poyendera, imikani mpeni pansi pa nyale imodzi, muuzungulitse pang'onopang'ono, ndipo mukhale ndi galasi lokuza zinthu. Chozokota chimene chapendekera kumsana popanda chifukwa, kapena kachilembo kamodzi kokhala kokha pamalo achilendo, kamakhala kakutsata chilema. Chozokota chimene chafika m'mphepete mwenimweni mwa hamon n'kupindika mokakamiza chikusonyeza kuti wosula sadachiyembekezere. Mpeni ukakhala wopukutidwa kangapo, woonda pouyerekeza ndi nakago yake, koma m'mbali mwa chozokota muli mwakuthwa ngati mwadzulo, zaka za ziwirizi sizofanana. Yang'ananinso pansi pa ngalande. Tchizulo yosalazidwa ndi mwala imasiya pansi poyera ndi makona akuthwa kumapeto kwa mzere, pamene makina ozungulira amasiya timabampu ndi mapeto obulungira.

Sikuti ato-bori iliyonse ndi yonyansa. Mwini mpeni akhoza kupita nawo kwa katswiri wodziwika, katswiriyo n'kutema dzina lake poyera, ntchito n'kukhala yabwino. Komabe chitsulo chimene wosula adasiya chachoka ndipo sichibwerera. Kwa ine, tanto yotere siyenera kudula kuposa inzake yosazokota ya wosula yemweyo, ndipo yopanda dzina la wozokota iyenera kutsikirapo ndithu.

Palinso kusankha kwa chithunzi, kumene kumadutsa m'njira zitatu zonsezi. Zozokota zambiri za pa tanto zimaloza kwa Fudo Myoo, woteteza wa m'chipembedzo cha Chibuda, ndipo n'zoyenera chifukwa tanto ku Japan ndi mpeni woteteza mwini wake, wopatsidwa kwa mkwatibwi kapena kwa khanda. M'banja lachifumu la Japan, ya Princess Aiko mu 2001 adasula ndi Osumi Toshihira, ya Prince Hisahito mu 2006 adasula ndi Amata Akitsugu. Chophweka ndi suken, lupanga lowongoka, ndi gomabashi, timizere tiwiri toyendera limodzi. Kawirikawiri suken imakhala kumaso, gomabashi kuseri. Kenako bonji, chilembo chimodzi cha Sanskrit, chilankhulo chakale cha ku India. Pamwamba pa zonse pali kurikara, chinjoka chokulunga lupanga, chimene chimabwera m'mitundu itatu: shin chathunthu ndi mamba ake onse, gyo chochepetsedwako, ndi so chimene chatsala mizere yochepa yokhotakhota.

Diso la wongoyamba limathamangira ku shin. Koma ngati thumba lili ndi malire, suken ndi gomabashi pa mpeni wabwino zimaposa chinjoka pa mpeni wamba. Mizere iwiri yowongoka ilibe pobisala: ikasiyana kuya kapena ikatalikirana ndi theka la milimita, mumaona nthawi yomweyo, ndiye ikakhala yolondola mwadziwa kuti dzanja linali lokhwima. Chinjoka chochuluka mamba chimasokoneza maso, chimaphimba chitsulo chimene mudayenera kusirira, ndipo ndicho chimayamba kutha. Kupukuta kulikonse kumachotsa chitsulo pamwamba, ndevu ndi zikhadabo n'kumazimiririka, pamene ngalande yakuya imapirira. Zobowola mpaka kuseri, za ranma-sukashi, n'zokongola zedi koma zimafooketsa mpeni ndipo dzimbiri limakonda m'makona mwake. Okonda mbiri angayang'anenso tanto za Mikasa, zimene Horii Toshihide adasula ku Muroran atasakaniza chitsulo cha mzinga wa sitima yankhondo ya Mikasa, zambiri zili ndi mawu a Admiral Togo, mkulu wa asilikali a pamadzi a Japan, ozokota pankhope m'malo mwa chithunzi.

Za mapepala musasokonezeke. Torokusho, kakhadi kolembetsera kochokera ku bungwe la maphunziro la chigawo, kamangonena utali, kupindika, chiwerengero cha mabowo a pa nakago ndi mawu olembedwapo. Sikatsimikiza kuti dzinalo ndi loona. Zimenezo ndi ntchito ya NBTHK, bungwe la ku Japan losamalira ndi kuyeza malupanga, lokhazikitsidwa mu 1948, kudzera m'mapepala a Hozon ndi Tokubetsu Hozon. Pa wosula womwalira wa dzina lalikulu, musagule popanda pepalalo, ndipo yerekezani chithunzi cha nakago cha papepala ndi nakago yeniyeni, bowo ndi bowo, mzere ndi mzere. Pa wosula wamoyo, umboni wabwino ndi mwini wakeyo: tumizani zithunzi kuchipala chake kudzera mwa wogulitsa. Mpeni wotuluka m'Japan umafuna chilolezo cha Agency for Cultural Affairs, ndipo torokusho imabwezedwa, ndiye pemphani fotokope yake usananyamuke, komanso funsani a kasitomu a dziko limene mukukhala musanalipire. Mipeni ya m'fakitale yotsanzira, ya zinjoka zodyetsa asidi ndi mizere yachitsulo yoonekera patali, siilowa n'komwe m'kuyerekeza kuno.

Pomaliza pake, mitundu yonse itatu imafa ndi chinthu chimodzi, dzimbiri la m'ngalande. Mafuta a choji, amene amapaka mpeni poteteza dzimbiri, amaunjikana m'zozokota, amauma, n'kugwira fumbi ndi chinyezi. Chotsani mafuta akale ndi pepala lofewa kapena nsalu yoyera, m'ngalandemo mulowetse kathonje kokulunga pa kamtengo kofewa, osati singano kapena chilichonse chachitsulo. Ufa wa uchiko, wa miyala wochotsera mafuta, pa mpeni wozokota ndi bwino kuusiya, chifukwa umatsalira m'mamba n'kudzakanda pamwamba popukuta ulendo wotsatira. Pakani mafuta ochepa kwambiri, oti asayenderere, sungani mpeni m'chimake cha mtengo wosapaka cha shirasaya, ndipo nakago musaichape kapena kuikwecha ngakhale itada. Kumalo achinyezi, makamaka m'dzinja, tulutsani mpeni mwezi uliwonse muyang'ane pansi pa chozokota ndi tochi. Mukaona kadontho kofiira, kanyowetseni ndi mafuta n'kupita nawo mpeniwo kwa wopukuta wophunzira ntchitoyi, chifukwa sandipepala ikalowa m'menemo imachotsa mamba a chinjoka pamodzi ndi dzimbirilo.