Miyezi 14 ndikulipira malo osungira zithunzi pa intaneti

Dzulo alamu anga a ku Lizulu anandiimbira kufunsa ngati nawonso ayambe kulipira malo osungira zinthu pa intaneti, poti foni yawo yadzaza. Ndinawauza kuti, "Alamu, dikirani kaye ndikulembereni," chifukwa nkhaniyi inandipweteka mtima.

Ine ndimajambula zithunzi za zinkhoswe, maukwati ndi ziliza kuno ku Ntcheu boma. Ndinalembetsa malo osungira zithunzi a 200 GB ku kampani ina ya kunja, kulipira mwezi ndi mwezi pa khadi ya ku banki. Zabwino zake zilipo ndithu. Foni yanga itabedwa mu minibasi ndikuchokera ku Tsangano, ndinagula ina, kulowa mu akaunti, zithunzi zonse n'kuzipeza. Tsiku limenelo ndinathokoza Mulungu. Kutumizira kasitomala linki pa WhatsApp nakonso n'kosavuta.

Koma mtengo wake ndi wa madola. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Malo anali omwewo, koma ndalama yodulidwa ku akaunti yanga inakwera, pomwe makasitomala anga, ambiri alimi a kachewere ndi kabichi, sakanatha kundiwonjezera kalikonse.

Chomwe sindidzaiwala ndi mwezi womwe khadi inakanidwa chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja. Ndalama mu akaunti zinalimo. Kampaniyo inandibwezera ku malo ochepa amene imapereka kwaulere, n'kunena kuti ndadzaza. Sindikanatha kuikamo chithunzi chatsopano, ngakhale maimelo anasiya kulowa. Sabata yomweyo mayi wina wa ku Bembeke ankafuna zithunzi za chiliza cha malemu amuna awo kuti atumize kwa ana ku Johannesburg. Ndinayamba kukopera zonse mu laputopu, ndikuopa kuti azifufuta. Bandulo inatha kawiri. Netiweki ikadula, fayilo imayambiranso, magetsi nawo anathima pakati pa ntchito. Mayi aja anabwera katatu pakhomo panga, ine n'kumangoti, "Mayi, pepani, mawa." Manyazi anandigwira, chifukwa zithunzizo ndinajambula ndekha, ndi kamera yanga, koma kuti ndizitenge ndinayenera kugula data.

Ndinalembera kampaniyo kawiri. Mayankho anali a Chingerezi, ooneka kuti ndi a makina, ongondiuza kuti ndisinthe khadi. Panalibe munthu woti ndimufotokozere kuti vuto si ine.

Nditawerengera ndalama ya miyezi yonseyi pamodzi ndi mabandulo, ndinaona kuti ndikanagula hard drive, kachipangizo kosungiramo mafayilo kolumikiza ku laputopu, kalekale. Ndinakagula ya 1 TB ku Lilongwe, ndipo ntchito za makasitomala zimakhala mmenemo. Pa intaneti ndasiyapo zikalata ndi zithunzi za ana anga basi, m'malo aulere aja. Alamu, kwa inu amene zithunzi zanu ndi za pabanja, gulani memori khadi, ndalama yotsalayo muonjezere pa feteleza.