Patha miyezi 14: nyumba ilibe vuto, koma kunja kwa mpanda

Nditangolowa m'nyumbayi ndinaitamanda, ndipo pa za nyumbayo sindikubweza mawu. Denga silidontha, makoma alibe ming'alu, zitseko zikutsekeka bwinobwino. Chomwe sindinafunse tsiku losaina mapepala n'chakuti msewu, ngalande ndi malo osewerera ana zidzakhala m'manja mwa ndani.

Yankho linabwera ndi mvula. Dera lonse limatulukira msewu umodzi, ndipo ngalande yake ndi yaing'ono moti madzi amafika mpaka pakhonde la nyumba zakumunsi. Titapita kukadandaula ku khonsolo anatiuza kuti msewuwo sanaulandirebe chifukwa sunafike pa mlingo umene iwo amafuna. A kampani imene inamanga ndi kugulitsa nyumba za m'dera lathuli nawo akuti ntchito yawo inatha tsiku limene nyumba yomaliza inagulidwa. Dzenje la pageti likungokulirakulira, wina anachita kuikamo tayala lakutha kuti oyendetsa galimoto azilionera patali.

Chondipweteka kwambiri ndi nkhani ya ana. Pa mapu otsatsira malonda panali kamalo kobiriwira kolembedwa kuti sukulu. Lero pamenepo pali nyumba zina zogulitsa. Sukulu imene mwana wanga amapitako ndimaiona ndili pawindo, koma timisewu tathu n'totseka kumapeto, ndiye amazungulira ulendo wautali kenako n'kuwoloka msewu waukulu. Mu 1929 Clarence Perry, katswiri wa ku America wokonza mapulani a mizinda, anali atafotokoza kale kuti sukulu ya pulayimale izikhala pakati pa dera, mwana azifikako wapansi osadutsa msewu wa galimoto zothamanga. Koma malo a sukulu sabweretsa ndalama, ndiye wowerengera phindu amangowaona ngati puloti yowonongeka.

Tsidya la msewu kuli dera lakale limene khonsolo inayamba yajambula isanagawe mapuloti. Nyumba zake n'zachikale, zina penti inachita kusuluka, koma misewu ndi yolumikizana, basi imalowa mpaka mkati, ndipo chipatala chili pamalo pomwe anachisungira. Sikuti boma sililakwitsa ayi: nyumba za Pruitt-Igoe mumzinda wa St. Louis ku America zinamangidwa ndi boma m'ma 1950, pofika 1972 anayamba kuzigwetsa.

Nyumbayi ndikuipatsabe nyenyezi zinayi. Deralo ziwiri, ndipo imodzi mwa izo ndi ya anzanga oyandikana nawo. Loweruka tikumana kuti tisonkherane zokulitsira ngalande imene tinkaganiza kuti tinalipira kale.