Chopukutira cha silikoni poumitsa galimoto: chabwino pa magalasi, chokayikitsa pa penti

Chopukutira cha silikoni chotalika pafupifupi masentimita 30, chokhala ndi chogwirira cha pulasitiki, chikupezeka m'masitolo ogulitsa zipangizo za galimoto kuno ku Lilongwe, ndipo pa paketi pake pamalembedwa kuti squeegee. Ogulitsa amachiyamikira kuti chimaumitsa galimoto yonse m'kanthawi kochepa osasiya ngakhale dontho limodzi. Ndakhala ndikuchigwiritsa ntchito pa Toyota Sienta yakuda kuyambira nyengo yozizira mpaka kutentha kwa mu Okotobala, ndipo maganizo anga ndi akuti ogulitsawo akunena zoona pa nkhani ya magalasi, koma pa nkhani ya penti pali zina zimene sakuuza ogula.

Chifukwa choumitsira galimoto mwachangu n'chodziwika kwa aliyense amene anatsukapo galimoto yakuda masana. Madzi akauma okha amasiya mawanga oyera, chifukwa madziwo amapita koma mchere umene unali m'menemo, makamaka calcium ndi magnesium, umatsalira pa penti ndi pa galasi. Madzi a pamjigo kapena a pachitsime, amene mabanja ambiri a m'mphepete mwa mzindawu amadalira, nthawi zambiri amasiya mawanga ochuluka kuposa madzi a pampopi. M'mwezi wa Okotobala, pamene kutentha kwa masana kumafika cha m'ma 30 digiri ndipo boneti ya galimoto yakuda imatentha mosagwirika, madzi a mbali imodzi amakhala atauma munthu asanamalize kutsukuluza mbali inayo. Apa ndi pamene chopukutirachi chimaonetsa mphamvu zake, pakuti kukoka kamodzi kokha kumachotsa madzi amene nsalu ikanafuna kufinyidwa kangapo kuti iwamalize.

Pa magalasi sindinachipezere chifukwa. Munthu akayambira pamwamba pa galasi lakutsogolo n'kumakoka chopingasa, mzere uliwonse ukuloŵerera pang'ono pa unzake, galasi limatsala louma ndi loyera popanda ulusi umene ziguduli zimasiya. Phindu lake limaoneka bwino usiku pa msewu wa M1, pamene nyali za malole obwera kutsogolo zimamwazika pa galasi lililonse lokhala ndi mikwingwirima ya sopo ndi mawanga, mpaka woyendetsa kulephera kuona anthu oyenda pansi ndi apanjinga m'mbali mwa msewu. Kuchita bwino kwake pa galasi sikodabwitsa, chifukwa chida cha mtundu umenewu chinapangidwira ntchito imeneyo. Ettore Steccone, wotsuka mawindo wochokera ku Italy amene anakhazikika ku Oakland m'dziko la America, ndiye anakonza chopukutira cha labala imodzi m'chaka cha 1936, ndipo cholinga chake chinali mawindo a nyumba, osati zitseko za galimoto.

Vuto limayamba chidachi chikafika pa penti, ndipo silikoni yeniyeniyo si imene imakanda, chifukwa ndi yofewa kwambiri. Chimene chimakanda ndi kamchenga kamodzi kamene katsalira pa galimoto kapena kamene kakakamira m'mphepete mwa chopukutiracho. Nsalu ya microfibre ili ndi ulusi wambirimbiri umene kamchenga kamatha kuloŵamo n'kubisala, koma chopukutira chilibe pobisa chilichonse, choncho kamchengako kamapanikizika pakati pa silikoni ndi penti n'kukokedwa kuchokera kumapeto kwa boneti mpaka kumapeto kwina. Mchenga wambiri umakhala wa mwala wa quartz, umene pa muyeso wa Mohs wa kulimba kwa miyala uli pa 7, pamene galasi wamba lili cha pa 5.5, ndipo vanishi yonyezimira imene imakuta penti ya galimoto ndi yofewa kuposa zonsezi. Vanishiyo pa magalimoto ambiri ochokera kufakitale imakhala yochindikala mamaikironi pafupifupi 40 mpaka 50 okha, kutanthauza kuti ndi yopyapyala kuposa tsitsi la munthu. Aliyense amene anakwechapo poto ndi mchenga pachitsime akudziwa chimene mchenga umachita ngakhale pa chitsulo.

Tsono Lilongwe si mzinda umene munthu anganene motsimikiza kuti galimoto yake ilibe mchenga. Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itagwa mu Novembala, mphepo imanyamula fumbi lofiira la m'misewu yopanda phula ya ku Area 25, Chinsapo, Mtsiliza ndi madera ena, ndipo fumbilo limatera pa galimoto yonyowa munthu akadali ndi ndowa m'manja. Pa fumbilo onjezanipo phulusa la tchire lotenthedwa. Chinanso ndi katsukidwe kathu. Opanga zopukutirazi amaganiza kuti galimoto yatsukuluzidwa ndi payipi ya madzi amphamvu, pamene ambiri a ife, makamaka masiku amene mipopi yauma, timatsuka ndi ndowa ziwiri za madzi osungira, n'kumathira ndi kachitini. Madzi othira ndi kachitini amachotsa thovu, koma sakankha mchenga umene wabisala m'mphepete mwa malabala a mawindo ndi m'ngalande za padenga, ndipo mchengawo umatsika pang'onopang'ono ndi madzi otsala nthawi imene munthu akuyamba kupukuta.

Pa malo ena otsukira magalimoto m'mbali mwa msewu ndinaima kuyang'ana mmene mnyamata wina ankachigwiritsira ntchito pa Honda Fit yabuluu. Dzanja lake linali lachangu ndi laluso, ndipo denga analiumitsa ndisanamalize kupereka moni kwa mwini galimotoyo. Koma atafuna kusuntha ndowa, chopukutiracho anachiika pansi pa dothi lonyowa, kenako anachitola, n'kuchikung'untha kamodzi pa thalauza, n'kupitiriza pa boneti. Mnyamatayo sindikumuda, pakuti amalipidwa potengera kuchuluka kwa magalimoto amene watsuka, ndipo mzere wa magalimoto unali ukudikira. Chimene ndikunena n'chakuti chiguduli chogwa pansi chimaoneka kuti chada ndipo munthu amachichapa, pamene silikoni imaonekabe yoyera ngakhale itatola mchenga. Amene akufuna kudziwa ngati galimoto yake yakandidwa motere aiunike ndi tochi ya foni madzulo, atayandikitsa nkhope pa boneti. Timizere tozungulirazungulira timachokera ku nsalu yalitsiro, koma timizere titalititali towongoka ndi chizindikiro cha chopukutira.

Palinso malire ena amene sakhudza kukanda. Chidachi chimakonda malo osalala ndi otambalala, monga denga, boneti ndi pakati pa zitseko. Chikafika pa zogwirira zitseko, magalasi oonera m'mbali, bampa, nambala ya galimoto ndi m'makona a nyali, chimangodumpha n'kusiya madzi. Madzi obisala m'malo amenewa amatuluka galimoto ikayamba kuyenda, amakumana ndi fumbi, ndipo pofika ku City Centre chitseko chimakhala ndi mikwingwirima yofiira yotsika kuchokera pa galasi la m'mbali. Choncho amene akuganiza kuti akagula chopukutira sadzafunanso nsalu akudzinamiza. Ndaonanso kuti pa penti yopakidwa polishi chimatsetsereka mosavuta, pamene pa penti yofwifwa ndi dzuwa, ngati ya magalimoto ambiri akale ochokera ku Japan, chimalira ndi kunjenjemera, zimene zimachititsa munthu kukanikiza kwambiri, ndipo kukanikizako ndi kumene kumazamitsa mchenga.

Pogula, ndi bwino kutulutsa chidacho m'paketi ngati wogulitsa alola, n'kuyendetsa chala m'mphepete mwake kuti muone ngati mulibe pong'ambika kapena potupa. Silikoni yabwino imapindika mofewa n'kubwerera m'malo mwake. Zopukutira za labala yakuda zokhala ndi chitsulo, zimene zinapangidwira mawindo a nyumba kapena pansi pa simenti, zisayandikire galimoto, chifukwa labalayo imauma ndi kung'aluka ikakhala padzuwa, ndipo kona ya chitsulocho ikakhudza chitseko imasiya chipsera chimene polishi sangachotse. Changa ndimachitsuka ndi madzi oyera ndikamaliza ntchito n'kuchisunga m'kathumba kake, osati m'buti momwe muli jeke, sipanala ndi matumba a makala.

Kwa oyendetsa matakisi ndi maminibasi, amene amatsuka m'mamawa uliwonse ndipo chimene akufuna ndi magalasi oyera ndi kunyamuka msanga, chopukutirachi n'choyenera ndalama zake. Kwa mwini galimoto yoyera kapena yasiliva, amene amatsukira pa simenti, pamthunzi, ndi payipi, n'zotheka kuchigwiritsa ntchito padenga ndi pa boneti, malinga ngati akupukuta m'mphepete mwake ndi nsalu yonyowa nthawi iliyonse akakoka mzere umodzi, ndiponso ngati sakukanikiza. Koma pa galimoto yakuda, yabuluu woderapo kapena yofiira, pamene kamzere kalikonse kamaonekera patali, ine ndimachilekezera pa magalasi, ndipo penti ndimaumitsa ndi nsalu yaikulu ya microfibre, yoyala pa boneti n'kumaikoka pang'onopang'ono. Njira imeneyi imatenga nthawi yotalikirapo, koma timizere tikachuluka mankhwala ake ndi makina opolishira, amene amachotsa timizereto popala vanishi yomweyo, ndipo vanishi ya mamaikironi 50 singapalidwe kambirimbiri galimoto isanafune kupentedwanso.