Kosi ya umanijala ija, patatha miyezi 9: ndachotsapo nyenyezi imodzi ndi theka

Mu Malichi chaka cha 2024, satifiketi idakali ndi fungo la inki, ndinalemba zoyamikira kosi ya utsogoleri yomwe kampani yathu inanditumizako. Ndinaipatsa nyenyezi zonse zisanu ndipo ndinati aliyense amene wangokwezedwa pa ntchito athamangireko. Ndikulemba izi mu Disembala chaka chomwecho. Zomwe ndinaphunzirazo ndazigwiritsa ntchito pa anthu enieni, ena okwiya, ena ofedwa, ena ongotopa, ndiye ndaona kuti ndibwererenso ku mawu anga aja.

Kwa amene simunawerenge zoyamba zija: ndimagwira ntchito ku kampani ina yopikulitsa katundu wa m'magolosale ku Limbe. Ndinakhala kalaliki wowerengera katundu kwa zaka 7, kenako mu Julaye 2023 anandikweza kukhala manijala wa nthambi yotumiza katundu. Anthu 16, malole 5. Kosi inayamba mu Seputembala 2023 n'kutha mu Febuluwale 2024, Loweruka kawiri pa mwezi, kuwonjezera makalasi a madzulo pa Zoom. Ndalama inalipira ndi kampani, ine n'kusainira kuti ndikachoka pasanathe zaka ziwiri ndibweza. Mfundo imeneyi muiwerenge bwino musanasaine, chifukwa pa tsiku losainalo munthu umangoona dzina latsopano lomwe alemba pa chitseko.

Ndiyambe ndi zomwe zinafa msanga. Tsiku loyamba anatipatsa mafunso, ukayankha amakuuza kuti ndiwe munthu wofiira, wachikasu, wobiriwira kapena wabuluu. Ine ndinatuluka wabuluu, kutanthauza wokonda manambala ndi dongosolo, zomwe ngakhale mayi anga akanandiuza mwaulere. Kwa masabata awiri ndinkayang'ana aliyense ndi maso a utoto, kenako ndinasiya. Palinso pepala la masomphenya a nthambi yathu lomwe anatilembetsa. Ndinalimata pakhoma, ndipo lidakalipo, koma pamwamba pake anyamata anakhomapo ndandanda ya chipereganyu.

Bokosi la magawo anayi lija, lomwe amati ndi nzeru ya Dwight Eisenhower, pulezidenti wakale wa dziko la America, linakhalitsako. Umagawa ntchito: yofunika ndi yachangu, yofunika koma yosafulumira, ndi zina zotero. Limathandiza mwezi ukakhala wabwinobwino. Koma mafuta atasowa mu Okutobala ndi Novembala, malole atatu atagona pa mizere ya dizilo, eni mashopu a ku Thyolo ndi ku Mulanje akuimba foni mosalekeza, ntchito zonse zinathawira m'gawo limodzi. Bokosilo silikuuza kuti pakati pa makasitomala awiri okwiya uyambe ndi uti.

Chimene chinandipulumutsa ndi chinthu chomwe m'kalasi ndinachiona chotopetsa: kukhala pansi ndi munthu aliyense payekha, mphindi 20, kamodzi pa masabata awiri, uli ndi kope m'manja. Mwezi woyamba zinali zomvetsa manyazi. Munthu ankalowa atavula chipewa, akuganiza kuti wapalamula. Ndikafunsa kuti ntchito ikuyenda bwanji, yankho linali lakuti “ili bwino, madamu.” Zinayamba kusintha nditasiya funso limenelo n'kumafunsa kuti, “Sabata ino chakuchedwetsani kwambiri n'chiyani?” Apo mpamene ndinamva kuti lole ina inkadikira ola lathunthu m'mawa uliwonse chifukwa mapepala otulutsira katundu ankasainidwa ndi munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo ndinali ine.

Pamenepa ndi pomwe pali nkhani yonse, ndipo kosi inangopadutsa ngati minibasi yodzaza. Munthu amakwezedwa chifukwa ankaidziwa ntchito yake yakale, ndiye zinthu zikavuta amathawira komweko, komwe akudziwa kuti sangachite manyazi. Mnyamata amene analowa m'malo mwanga pa ukalaliki anali wochedwa. Kumapeto kwa mwezi wa Epulo, cha m'ma 6 koloko madzulo, ndinaima kumbuyo kwake akufufuza mabelo a shuga omwe sankagwirizana ndi za mu kompyuta. Ndinaona pomwe panali vuto iye asanaone. Sindinamuuze. Ndinangotambasula dzanja n'kumulanda mouse. Iye anakankhira mpando kumbuyo, napinda manja, n'kunena mwaulemu wake wonse kuti, “Malizani inuyo, madamu.” Ndinamalizadi. Abwana anga aakulu podutsa anandipeza ndawerama pa Excel, mnyamatayo akuyang'ana kudenga. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, “Kodi ndinakweza munthu, kapena ndinangomusinthira mpando?”

Usiku umenewo mpamene ndinatsegulanso zolemba za m'kalasi n'kupeza phunziro lomwe ndinkaliona ngati la pa mayeso chabe, la Paul Hersey ndi Ken Blanchard, lomwe analiyambitsa mu 1969. Mwachidule limati palibe utsogoleri umodzi wokwanira aliyense: wosadziwa ntchito umamulangiza pang'onopang'ono, amene wayamba kuidziwa umamuphunzitsa uku ukumufotokozera zifukwa, woidziwa koma wokayika umamulimbikitsa, ndipo katswiri umamusiya agwire. Ine ndinkachita mozondoka. Madalaivala odziwa msewu kuposa ine ndinkawaimbira foni katatu pa ulendo umodzi, pamene mnyamata wofunika kumuphunzitsa ndinkangomugwirira ntchito yake. Mu Meyi ndinakhala pambali pake manja nditawapana m'miyendo, ndikungomufunsa mafunso. Tinaweruka 9 koloko usiku. Mu Juni anamaliza yekha 7 isanakwane, ndipo pano amagwira zolakwika zomwe ine sindikanaziona. Phunziro limenelo lokha ndi lokwana nyenyezi ziwiri.

Tsopano zomwe zinandipweteketsa. Anatiphunzitsa kuti munthu akalakwa umuuze pompopompo, mosapsatira, utchule chimene wachita ndi zotsatira zake. Pa pepala n'zomveka. Ndinayesa pa dalaivala wathu wamkulu, bambo amene anayamba kuyendetsa lole ine ndili sitandade 2. Anafika mochedwa kuchokera ku Zomba osaimba foni, ndiye ndinawauza pomwepo, pa bwalo, anyamata okweza katundu akumva. Mawu anga anali aulemu, kapena ndinkaganiza choncho. Iwo anangoti, “Ndamva, bwana.” Bambo amenewa kuyambira kale ankanditchula kuti mwana wanga. Liwu lakuti bwana lija linandilasa kuposa kutukwanidwa, ndipo kwa masabata atatu ankangochita zomwe auzidwa, osawonjezerapo kanthu. Kale ankandichenjeza okha kuti tayala lakutilakuti latha, kapena kuti msewu wakuti mvula yauwononga. Zonsezo zinaima.

Ndinachita kuwatsatira kuseri kwa galaja nthawi ya nkhomaliro, n'kupepesa chifukwa cha malo omwe ndinalankhulira, osati chifukwa cha zomwe ndinanena. Anaseka n'kunena kuti kuchedwako analakwadi. Zitsanzo zonse za m'kosi zinali za m'maofesi a ku Ulaya ndi ku America, komwe wamkulu ndi wamng'ono amaitanana maina. Palibe ngakhale ola limodzi lomwe tinakambirana za kutsogolera munthu wa msinkhu wa bambo ako, za mayi wachitsikana kulamula amuna 14, kapena za maliro. Munthu akafedwa kuno sipachoka mmodzi. Anzake amafuna kukaperekeza, pamafunika galimoto, pamafunika chipepeso, ndipo ngati manijala sunaoneke pa siwa, anthu amakumbukira mpaka chaka chamawa. Zimenezi ndaziphunzira kwa mayi amene amatiphikira tiyi.

Za malamulo anatipatsa masana amodzi okha, pamene n'zomwe zingagwetse kampani m'mavuto. Mu Ogasiti makatoni a mafuta ophikira anasowa pa lole ina, ndipo ndinkafuna wothandizira dalaivala achoke tsiku lomwelo. A ku ofesi yoona za antchito anandikhazika pansi n'kunditsegulira Employment Act ya 2000, lamulo la ntchito la dziko lino. Gawo 57 limati munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka, komanso ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito, ayenera kupatsidwa mwayi woyankhapo. Nkhani ikafika ku Industrial Relations Court, khoti loweruza milandu ya pa ntchito, wolemba ntchito ndi amene amayenera kupereka chifukwa chomwe anamuchotsera. Tinaitanitsa hearing, msonkhano womva mbali yake, mnyamatayo anabwera ndi mnzake, ndipo zinapezeka kuti makatoniwo anatsitsidwa pa shopu yolakwika, mwini shopu n'kungokhala chete. Ndikanachotsa munthu wosalakwa. Kuyambira pamenepo chenjezo lililonse, ngakhale la pakamwa, ndimalilemba m'kope ndi deti lake.

Chinanso chomwe sanatiuze ndi kukhala pakati. Mu Novembala 2023, kosi ili mkati, ndalama ya kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mitengo inakwera sabata yomweyo, malipiro ayi. Anthu anga sankapita kwa eni kampani, ankabwera kwa ine. Pofuna kuoneka wabwino ndinawauza kuti pofika Januwale zisintha, pamene ndinalibe mphamvu iliyonse pa nkhaniyo. Januwale anafika, anakwezadi, koma pang'ono kuposa zomwe anthu anamva m'mawu anga. Amati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma nkhonya zimenezo ndinadziitanira ndekha. Masiku ano ndimanena zitatu zokha: chomwe ndikudziwa, chomwe ndapititsa kumwamba, ndi tsiku lomwe ndibwere ndi yankho, ngakhale yankholo likhale lakuti akana.

Za anzanga akale sindinena zambiri. Tinkadyera limodzi tchipisi pa chiwaya cha kuseri kwa ofesi. Gulu lathu la pa WhatsApp linangoti zii, ndipo ndinadziwa kuti atsegula lina. Zinandiwawa mwezi umodzi. Ndi ufulu wawo, nanenso kale abwana tinkawanena.

Ndiye kosiyi ndi yoyenera? Ndikuipatsa nyenyezi zitatu ndi theka. Aphunzitsi ankaidziwa ntchito yawo, zolemba zawo n'zomveka ndipo ndimazitsegulabe. Makalasi a pa Zoom anali ofooka, theka la anthu makamera ali otseka, ena netiweki ikuwadula, ndipo data tinkagula tokha. Phindu lomwe sindinaliyembekezere ndi anthu omwe ndinaphunzira nawo. Tilipo anayi, wina wa ku banki, wina wa ku fakitale, wina wa ku bungwe lothandiza anthu, ndipo timakumana kamodzi pa mwezi. Nkhani ya makatoni ija ndinayamba kuwauza iwowo, ndipo wa ku fakitale ndi amene anandiuza kuti ndisasaine kalata iliyonse ndisanaonane ndi a ku ofesi ya antchito.

Ngati mwangokwezedwa kumene, musathamangire mwezi woyamba. Dikirani miyezi itatu kapena inayi kuti mupite ndi mabala anuanu, chifukwa funso la munthu amene walakwitsapo kale limakhala lakuthwa. Afunseni okonza kosi kuti malamulo a ntchito a dziko lino awapatsa maola angati, komanso ngati aphunzitsiwo anayang'anirapo anthu kuno kwathu. Ngati mukulipira nokha, ndingakayike. Ngati ikulipira kampani, pitani, koma werengani za zaka ziwiri zija. Ine zanga zatsala miyezi 14.

Sabata yatha abwana anandifunsa kuti ndani wa m'nthambi yanga angapite ku kosi ya chaka chamawa. Ndinatchula mnyamata wa mouse uja. Nditamuuza, anandifunsa ngati nayenso akamuyeza utoto. Ndinati inde, ndipo ndikukayika ngati satuluka wabuluu.