Kiti ya 20, ya 11 kapena pedigiri: mbewu ya ma roller tiisankhe potengera chani?

Anzanga oweta ma Birmingham Roller, nkhunda zija zogubuduka m'mwamba, kuulutsa aliyense amaulutsa, pomwe timasiyana ndi poti pa nkhunda zili m'mwambazo titsitse iti ikalowe khola la mbewu. Ena amangoona mapointi a mpikisano wa kiti ya 20 (kiti ndi gulu la nkhunda zouluka limodzi), ena amati ayi muyezo weniweni ndi wa kiti ya nkhunda 11 pomwe nkhunda imaonedwa payokha, ndiye pali enanso aja amakutulutsira pepala la pedigiri, losonyeza makolo a nkhundayo, usanafunse nkomwe. Zitatuzi sizimayeza chinthu chimodzi, ndipo ine ndimaona kuti ambiri amazisokoneza.

Ya 20 ija ndi imene imatsatidwa ku World Cup, mpikisano wa ma roller wa dziko lonse lapansi, ndipo kalabu ya oweta ma roller ya NBRC ya ku America, yomwe inayamba mu 1961, nayonso ili ndi mpikisano wotere. Umaulutsa nkhunda 15 mpaka 20, jaji amaziona kwa maminitsi 20, ndipo samawerenga kanthu pokhapokha zisanu kapena kuposa zitachita chipidigoli nthawi imodzi, chija timati break. Zikagubuduka 5 mpaka 9 iliyonse ndi pointi imodzi, 10 mpaka 14 iliyonse mapointi awiri, 15 mpaka 19 atatu, zonse 20 zikathyoka limodzi iliyonse asanu. Ndiye werengani nokha: break ya nkhunda 5 ikupatsani 5, ya 10 ikupatsani 20, ya 15 ndi 45, ya 20 ndi 100. Pamapeto jaji amachulukitsa ndi manambala awiri, ya ubwino wa kagubudukidwe ndi ya kuya kwake, iliyonse pakati pa 1.0 ndi 2.0. Ndipo nkhunda ziwiri zikachoka pagulu kuwerenga kumaima mpaka zibwerere.

Mukaona masamu amenewa mudziwa kale kuti dongosololi likufuna nkhunda yamtundu wanji. Likufuna yomvera gulu, yodikira zinzake, yogubuduka pafupipafupi koma osapita pansi kwambiri, chifukwa ikatsika mamita 15 imatenga nthawi kuti ikwerenso ndipo pomwe ikukwerapo zinzake zathyoka kale break ina iyo kulibe. Ndiye munthu wofuna chikho amayamba kuchotsa nkhunda zakuya zija, eti zikumuonongera kiti, pomwe mwina imeneyo ndiyo inali nkhunda yabwino kuposa zonse m'kholamo. Komanso mu break ya nkhunda 14 jaji ndi munthu, maso ake ndi awiri basi, sangaone kuti ya kumanzere ija mapiko anali bwanji. Nkhunda yapakatikati imabisala bwinobwino mu gulu lochita bwino. Mapointi akhoza kukhala 600 koma sakuuzani kuti mwa 20 zija ndi iti yoti iswe.

Sindikunyoza ya 20 ayi. Pali zinthu zimene ndi yokhayo imazionetsa, ndipo zimatengera kumtundu: mtima wokonda gulu, kuthamangira kubwerera mukiti ikamaliza kugubuduka, kusachita mantha ndi chipidigoli chake chomwe. Nkhunda imene imauluka pamwamba pa zinzake kapena kumangotsalira kumbuyo nthawi zambiri imakhala ikuthawa kugubuduka, ndipo maunda ake ena adzachitanso zomwezo.

Ya 11 ndi nkhani ina. Apa jaji sadikira kuti zigwirizane, nkhunda iliyonse ikagubuduka bwino imalandira zake, yakuya imalandira zochuluka ndipo liwiro ndi kaimidwe ka mapiko zimaonjezera. Kwa munthu wosaka mbewu, kaonedwe aka ndi kamene kali pafupi ndi zomwe amayenera kuchita pakhomo pake tsiku ndi tsiku. Ndipo apa ndipomwe ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa kunena kuti "imagubuduka bwino" aliyense amanena, koma mukuona chani kwenikweni?

Imani pansi pake ikamatsika molunjika inu. Mapiko akaima onse awiri chilili mofanana ngati chilembo H, kapena nsonga zake zikukumana pamwamba ngati A, imeneyo ndi yapamwamba. Akatambasuka ngati X ndi yapakati, X wake akakula ndiye yatsika kalasi. Akangoti tambalala m'mbali, phiko uku phiko uku, ija amati axle, musavutike nayo ngakhale itsike mamita angati. Kenako muione cham'mbali. Yabwino imadzikulunga n'kukhala kampira kakang'ono, simuthanso kusiyanitsa mutu ndi mchira, ndipo pa zothamanga kwambiri pamaoneka kabowo pakati pa mpirawo. Ngati mukutha kuwerenga kuti yatembenuka kamodzi, kawiri, katatu, ndiye kuti ndi yochedwa. Muonenso poyambira ndi pothera, apa ambiri saonapo. Ilowe nthawi imodzi osayamba yakhalira mchira, itsike mzere woongoka osapotokola ngati ikusintha phiko panjira, ndipo ikamaliza ituluke yoyang'ana komwe kiti ikupita n'kuyamba kuithamangira. Ina imatuluka yazunguzika, kuyang'ana kolakwika, kumazungulira kaye isanadziwe kuti zinzake zili kuti. Imeneyo chipidigoli chikuiposa mphamvu.

Malamulo a mipikisanoyi amafuna kuya kosachepera mafiti 10, pafupifupi mamita 3, kuti ziwerengedwe. Koma kuya kumanamiza anthu kwambiri. Nkhunda ya mamita 6 yothina, yaliwiro, yotuluka mwaukhondo ndimaiika patsogolo pa ya mamita 15 yotayirira. Ndipo kuya kopanda buleki ndi kumene kumabala rolldown, nkhunda yogubuduka mpaka kudzimenyetsa pansi kapena padenga. Chiunda chikagunda kamodzi pomwe chikuphunzira, kapena potuluka m'khola chili ndi phuma, mutha kuchikhululukira. Koma yobwerezabwereza isalowe mu mbewu, ngakhale ikongole motani.

Vuto la ya 11 nalo lilipo. Mukamangosankha nkhunda zokongola paokha, patapita mibadwo ingapo mudzakhala ndi khola la akatswiri osagwirizana, iyi ikugwa apa iyo ikugwa apo ngati mvula yowaza, diso likusangalala koma break ya zisanu osaipeza. Amene cholinga chake ndi World Cup ayenera kudziwa zimenezo asanayambe.

Za pedigiri sinditaya nthawi. Dzina la Pensom, mkulu wotchuka poweta ma roller amene anachoka ku England n'kukakhala ku America ndipo anamwalira mu 1968, likadali pa mapepala ambiri mpaka lero, koma pakati pa nkhunda zake ndi yanuyo padutsa mibadwo yambirimbiri ndi manja a anthu osiyanasiyana, aliyense akusankha zake. Pepala limathandiza pa chinthu chimodzi: kudziwa kuti banja limeneli limayamba kugubuduka msanga kapena mochedwa, komanso ngati abale ake a nkhundayo anali okhazikika. Zimenezo zokha. Kugwira m'manja n'chimodzimodzi, thupi laling'ono lolimba, nthenga zabwino, diso lowala, zonsezi ndi zabwino koma ndi nkhunda zingati zili nazo zonsezi ndipo m'mwamba zimangouluka ngati nkhunda wamba?

Ndiye ine kusankha kwanga kumayenda chonchi, ndimaulutsa mu kiti yayikulu kuti ndione khalidwe la pagulu, koma diso langa limaweruza ngati jaji wa 11, nkhunda imodzi pa ulendo umodzi. Zikafanana maonekedwe, imene mukuionayo ipakeni chizindikiro pamchira kapena ichotseni tsiku limodzi muone ngati chija mumachisilira chasowa m'mwambamo. Ndipo musafulumire. Zina zimayamba pa miyezi inayi, zina zimafika chaka zisanaonetse kanthu, ndipo zoyamba msanga kwambiri ndi zimene kawirikawiri zimadzalephera kudzigwira. Nkhundayo idutse kaye nyengo yothothoka nthenga, iulukenso chaka chachiwiri, ikakhala momwemo ndiye itsike. Ndikudziwa kuti kabawi sadikira zaka ziwiri, ndipo amakonda kutenga yabwinoyo poti ndi imene imatsalira pansi pa gulu ikamaliza kugubuduka, apa aliyense aone yekha mmene kwawo kulili.

Kumbukiraninso kadyetsedwe musanaweruze. Nkhunda yokhuta chakudya chamafuta imauma, imangouluka osagubuduka, yochepetsedwa chakudya mopyola imagubuduka pafupipafupi koma mofooka mpaka kugunda. Ambiri amasinthasintha tirigu ndi mapira kuti apeze pakati. Tsiku la mphepo yamphamvu si tsiku lolemba chigamulo.

Ikalowa mu mbewu mayeso sanathe, angosintha. Katswiri wa m'mwamba sikuti amabereka akatswiri nthawi zonse, ndipo nthawi zina m'bale wake wooneka wamba ndi amene amatulutsa zabwino. Nkhunda imaikira mazira awiri, kufungatira masiku pafupifupi 18, ndiye pa chaka maunda a banja limodzi sachuluka, mwina mugwiritse ntchito nkhunda zina zolera kuti muonjezere. Maundawo avalikeni mphete, lembani kuti uyu ndi wa ndani, ulutsani onse osati awiri okha amene akusangalatsani. Chaka chotsatira yaimunayo muipatse yaikazi ina, yaikaziyo muipatse yaimuna ina, kuti mudziwe kuti ubwinowo kapena vutolo likuchokera mbali iti.